Ulusi Woyera wa Ambuya

Chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi kachibangili koyera, kolukidwa ndi ulusi, kamene amalume ankavala pamkono wakumanja. M'mawa kankawala ngati ufa wogayitsa kumene. Pofika madzulo kankakhala katafiira ndi thukuta ndi fumbi la ku Estates, dera lathu la mu Kafue. Amene ankakaluka ndi ambuya, ine nditakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, ndikumasula ulusi pang'onopang'ono kuti usakodwe.

Ndinali ndi zaka ngati khumi. Atate anatsogola, amayi anatsatira, ndipo ambuya, amayi a amayi anga, ananditenga. Iwo anachokera ku Katete ali mtsikana, kutsatira mwamuna wawo amene ankagwira ntchito ya njanji. Ankagulitsa nsomba zouma za ku Chanyanya pakhomo, ndipo akapeza mpata ankaluka tinsalu toyala pamipando. Sankalankhula zambiri, ine ndinawaposa. Ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana anthu, mpaka amalume anandipatsa dzina loti Maso.

Amalume anali chitsirizira cha ambuya. Ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, monga amuna ambiri a mumsewu wathu. Koma zinali zaka zimene salaula, zovala zovalidwa kale zija, inadzaza misika, munthu nkugula malaya a kunja pamtengo wa mulu wa tomato, ndipo fakitale inayamba kuchotsa anthu m'magulumagulu. Amalume anachotsedwa pamodzi ndi anzawo. Pafakitalepo panali bambo wina wa ku Philippines, wokonza makina olukira nsalu, amene ankakondana nawo. Pobwerera kwawo anawasiyira vidiyo ndi katoni ya makaseti a mafilimu a kwawo.

Amalume anamanga chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba yathu, naika mabenchi, nayamba kuonetsa mafilimuwo. M'makaseti ambiri munali munthu mmodzi yemweyo: wa ndevu za pamlomo, tsitsi lopesera kumbuyo, maso ngati wangodzuka kumene. Nthawi zonse ankakhala mmphawi, woyendetsa basi kapena wa pamsika, ndipo nthawi zonse ankamenya olemera ndi akuba mpaka kugwa. Palibe ndi mmodzi yemwe mu Kafue amene ankamva chilankhulo chake. Choncho amalume ankaima pambali pa tivi, nkumamulankhulira m'Chinyanja.

“Manje akuti, iwe bwana, udya weka mpaka liti?” amalume ankatero, ndipo chisakasa chonse chinkagwedezeka ndi kuseka ndi kuomba m'manja. Lero ndimadziwa kuti mawu onse aja anali a amalume. Munthu wa pa tivi mwina ankangofunsa njira.

Chaka chimenecho panamveka pawailesi kuti munthu wa m'mafilimu uja wasankhidwa kukhala pulezidenti wa dziko lake. Amalume anakhala ngati apenga. Anafotokozera aliyense zimene Mfilipino uja anawauza: kuti sukulu yaukachenjede sanaimalize, kuti anthu ophunzira ankamuseka Chingelezi chake, kuti anayamba ndi umeya wa tauni imodzi nakwera mpaka pamwamba, ndi kuti amphawi ndi amene anamunyamula. Zoti ankakonda mowa ndi akazi ambiri ankazitchulanso, koma moseka, ngati akumutama. Wina anabweretsa chithunzi cha m'nyuzipepala, munthuyo atakweza dzanja pamaso pa khamu, pamkono pali kansalu koyera. Tsiku lomwelo amalume anapempha ambuya kuti awalukire kotero.

Pasanapite nthawi anyamata onse a m'chisakasa ankakafuna. Ambiri anali ochotsedwa ntchito kapena ana a ochotsedwa ntchito, ndipo analibe kopita dzuwa likatuluka. Ambuya analuka tizibangili tambiri, osakana, chifukwa ankawapatsa kangachepe ka ndiwo.

Ulusiwo unkachokera kwa ba Neba. Tinkawatcha choncho chifukwa nyumba yawo inagundana ndi yathu. Anali bambo wamtali, wowerama pang'ono, wa chifuwa chosatha chimene anachitenga m'chipinda chopotera thonje. Nawonso anachotsedwa, ali ndi ana asanu. Mnzawo wina amene anatsala mkati ankawaponyera mipukutu ya ulusi pampanda, iwo nkumagulitsa kwa amayi oluka. Ankabwera nayo kwathu masana m'thumba la makala, naisiya kuseri kwa chitseko, kenaka nkukhala pakhonde kukamba za mvula.

Mpukutu uliwonse unakulungidwa pa chipepala cholimba chobiriwira, chosongoka ngati nyanga, ndipo aliyense wa mu Kafue ankadziwa kumene zipepala zotere zimachokera. Ndiye ntchito yanga inali iyi: kutseka chitseko cha kuchipinda, kusamutsa ulusi wonse kuupanga timipira, kenaka kuotcha chipepalacho pa mbaula. Chinkapsa ndi lawi lobiriwira ndi fungo la ulimbo lomwe linkakakamira m'tsitsi. Ambuya ankalukira pabwalo ndi timipirato, ndipo palibe amene ankafunsa.

Mantha anayamba ndi mipopi. M'nyengo yotentha ija anthu ankadzuka nkupeza mpopi wa mkuwa wapanja wazulidwa, madzi akungothamanga m'ngalande. Mawaya oyanikira zovala ankasowa, nkhuku zinkasowa. Amalume anayamba kusintha mawu a munthu wa pa tivi. Sanalinso kukalipira olemera okha. “Akuti wakuba kwa mmphawi ni mfiti,” ankatero, “akuti polisi ichedwa, manja sachedwa.” Anyamata a zibangili zoyera anayamba kuyenda m'misewu ali gulu, atanyamula zidutswa za paipi ya pulasitiki.

Woyamba kugwidwa anali mnyamata wa ku Shimabala. Anabwera naye kuchisakasa, pakuti ndi pamene panasanduka bwalo lawo. Anamupaka phulusa kumaso, nammangirira mpopi m'khosi ndi waya, namuyendetsa msewu wonse akuimba. Pobwerera anamugoneka pakati pa mabenchi. Sindinaone zonse. Ndinamva paipi ikulira mumpweya isanafike pathupi, ndipo kulira kumeneko ndimakumvabe wina akamakung'untha mphasa. Amayi a mumsewu anaimirira m'mipanda yawo, ena akululuta. Sindiwaweruza kwambiri. Anali atatopa kudzuka nkupeza akusowa ngakhale chimene analibe.

Kenaka amalume anapeza chiphunzitso chatsopano. Anati si salaula imene inapha fakitale, koma akuba a mkati, otulutsa nsalu ndi ulusi pampanda. Aliyense wopezeka ndi katundu wa kufakitale, wogulitsa kapena wogula, wadya nshima ya ana a anthu onse. Anyamata anakweza manja, zibangili zikuwala. Ine ndinali pakhomo la chisakasa, tsitsi langa likununkha chipepala chopsa.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse amalume ankandiimitsa. Ankagwada kuti maso athu alingane, nandigwira chibwano ndi dzanja la chibangili lija, mokoma ndithu, chifukwa ankandikonda.

“Maso, waonako chani lelo?”

“Kulibe, amalume.”

“Kulibe shani? Iwe uona na nyerere ikayetsemula.”

Ankaseka, nandipatsa switi. Ndinkaisunga m'dzanja mpaka isungunuke. Ndinasiya kudya bwino. Kusukulu ndinkangoona ambuya atapakidwa phulusa, mpukutu uli m'khosi, akuyendetsedwa kudutsa pa tebulo lawo la nsomba. Aphunzitsi, atamva ana akukangana za pulezidenti wa m'mafilimu, anatisonyeza dziko lake pa mapu, tizilumba tomwazika ngati mpunga wotayika. Anati, “Mufilimu munthu amapambana chifukwa wina analemba kuti apambane.” Anzanga anawaseka pobwerera. Ine ndinkangoganiza za thumba la makala limene linali pansi pa bedi.

Ndinawapempha ambuya kamodzi kokha kuti tisiye. Anaimika singano nati: “Tikasiya, ana a ba Neba adya chani?” Anapitiriza kuluka.

Ba Neba anagwidwa Loweruka masana, mitambo ya mvula yoyamba itaunjikana kutsidya kwa mtsinje. Anawapeza pafupi ndi njanji ali ndi mipukutu iwiri m'thumba. Ndinamva nyimbo ikubwera patali ndipo ndinadziwa ndisanaone. Anawalowetsa pabwalo pathu malaya atang'ambika, phulusa lili mbuu kumaso, mipukutu ikulendewera pachifuwa. Ankatsokomola, phulusa nkumauluka. Ana awo anaima pampanda wathu, wamng'ono atagwira diresi la mkulu wake.

Amalume anakwera pa benchi. Anapesa tsitsi ndi dzanja monga ankachitira munthu wa pa tivi. Anati ba Neba akatchula amene amagula, chilango chigawidwa, aliyense asenza gawo lake. Akakana, asenza okha.

“Ba Neba, mugulitsa kuli bandani?”

Ba Neba anayang'ana pansi. Khomo lathu linali pafupi kwambiri moti akanangoloza ndi chibwano.

“Simukamba? Chabwino. Tili na mboni.” Amalume anatembenukira kwa ine. “Maso, bwera. Thumba ili ulionapo lingena nyumba iti?”

Anthu anapatuka kundipatsa njira. Ine ndinaima pomwepo. Ndinamva madzi otentha akutsika m'mwendo mpaka m'patapata, ndipo palibe amene anaona chifukwa onse anali atayang'ana kumbuyo kwanga.

Ambuya anali atatuluka m'nyumba. M'dzanja limodzi ananyamula kampando kawo, m'dzanja lina mpukutu wathunthu, umene ndinali ndisanausamutse, chipepala chobiriwira chili poyera. Anayenda mosafulumira mpaka pakati pa bwalo, naika kampando pafupi ndi ba Neba, nakhala. Mpukutu anauimika pansi pakati pa mapazi awo. Anatulutsa singano m'chitenje, ndipo pa singanopo panali kachibangili koyera kolukidwa theka. Anayamba kuluka.

Nyimbo inazima. Kunamveka singano zokha, ndi bingu kutali. Ndinaona mnyamata wina akuyang'ana mpukutu, kenaka mkono wake, nabisa mkonowo kumbuyo. Wina anayamba kuvula chibangili chake ndi mano.

“Wafunsa ogula,” ambuya anatero, osakweza mutu. “Ndabwera. Gawa.”

Amalume anayang'ana mpukutuwo ali pa benchi pomwepo. Anagwira ntchito pafakitale paja zaka zambiri, chipepalacho ankachidziwa kuposa ine. Kenaka anaseka, kuseka kwawo kwa pa vidiyo, natembenukira khamu.

“Amama nawonso! Uja ulusi ninawagulira neka ku Kamwala, ku Lusaka. Ukalamba, bane. Afuna chabe kuthandiza neba wawo.”

“Usandinamizire pamaso panga,” ambuya anatero. Koma mawu awo anali aang'ono, ndipo anthu anali atayamba kale kuseka. Kunali kuseka kwa anthu amene apatsidwa khomo lotulukira. “Ni wa ku Kamwala,” wina anavomera. “Ee, ku Kamwala ulipo wa so.” Mnyamata uja anabweza mkono wake kutsogolo. Amayi awiri anawagwira ambuya m'mikono mwaulemu wonse, nawalowetsa m'nyumba, wina akunyamula kampando, wina mpukutu, ngati akuperekeza mlendo wolemekezeka.

Ba Neba anasenza okha. Mvula inayamba anyamata ali mkati mowamenya, ndipo ndi imene inabalalitsa anthu. Sabata lotsatira banja lawo linakweza katundu pa ngolo kupita kwa abale ku Chanyanya. Sindinawaonenso, ndipo ndinamva kuti chifuwa chija sichinawalole kufika nyengo yokolola.

Zaka zitatu zisanathe, khamu la anthu linadzaza misewu ya likulu la dziko lija mpaka pulezidenti wa m'mafilimu anachoka pampando, akumunena kuti ankalandira ndalama za juga yoletsedwa ndi kulemeretsa anzake omwa nawo. Anamuzenga mlandu, nammanga, pambuyo pake namukhululukira, ndipo amphawi ambiri sanasiye kumukonda. Amalume anati zonsezo ndi nsanje ya ophunzira. Nthawi imeneyo vidiyo inali itafa kale, anyamata atamwazikana, iwo akuyendetsa minibasi ya ku Lusaka. Ndinawakonda mpaka imfa yawo, ndipo za tsiku lija sitinakambepo.

Koma madzulo a Loweruka lija ine ndinali wokondwa. Ndiyenera kunena monga zinalili. Ndinasamba, ndinasintha diresi, njala inandigwira koyamba patapita masabata ambiri. Ambuya sanapakidwe phulusa. Amalume anatipulumutsa ndi mawu ochepa chabe, ndipo ndinkawaona ngati munthu wa pa tivi uja, wofika nthawi yake yeniyeni. Ndinadya nshima yanga ndi ya ambuya yomwe, pakuti iwo anakankha mbale.

Anakhala pakhomo la kuchipinda, mvula ikulira pamalata, akumasula kachibangili kaja mzere ndi mzere mpaka kanabwerera kukhala ulusi wopotanapotana pamiyendo pawo. Ndinatenga chipepala chobiriwira kuti ndikachiotche monga mwa masiku onse, koma anandigwira dzanja.

“Chisiye. Chilibenso ntchito yobisa.”

Anachiika pawindo la kumsewu, pamene aliyense wodutsa akanachiona. Chinakhala pamenepo mvula yonse, chikufwifwa ndi dzuwa. Anyamata a zibangili ankadutsa, nkupereka moni kwa ambuya mwaulemu, maso awo nkulumpha windolo. Ine ndinkawawerengera mapazi mpaka atakhota, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake munthu amene wapulumuka angakhale tsiku lonse pawindo, kudikira kuti wina amuone.