Chikopa Chodulidwa Patatu

Hawisa anali mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga a Osbert. Anabadwira kwathu ku Tilsham, m'nyumba yomaliza panjira yopita kuchigayo, ndipo moyo wake wonse anangotuluka m'mudzimo kamodzi kokha.

Munda unali wake, osati wa achimwene. Bambo ake anali mfulu, wosalimira bwana aliyense, ndipo anali ndi ana aamuna atatu. Mliri utabweranso kachiwiri unatenga anyamata onsewo sabata imodzi, kenako bambowo. Hawisa anatsala ndi maekala khumi ndi awiri a balere ndi tirigu, kadambo kamsipu m'mbali mwa mtsinje, ndi ng'ombe imodzi. Manda awiri omaliza anakumba yekha, poti wokumba manda nayenso anali chigonere ndi mliriwo. Kuyambira pamenepo sindinamuonepo akulira, ngakhale pamene ana ake atatu anamwalira asanayambe n'kuyenda komwe. Anthu ankati ndi wouma mtima. Ine ndinkaona ngati mumtimamo munangoti zii.

Achimwene analima mundawo zaka makumi awiri. Chaka china, nthawi yokolola udzu wa ziweto, anagwa pamwamba pa ngolo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Linapola mokhota. Hawisa anayesa kugwira pulawo yekha, koma theka la munda linamera zitsamba, ndipo aganyu masiku amenewo anali osowa.

Ndiye kunabwera Lambert Tuke, wogulitsa ubweya, amene ankagula minda ya anthu n'kuikamo nkhosa. Anakhala pampando wathu wabwino uja n'kuvula chipewa.

"A Osbert, mwendo umenewo sudzatsatanso ng'ombe. Ndipatseni mundawo. Ine ndikupatsani chipinda kuseri kwa nyumba yanga, buledi ndi mowa tsiku lililonse, nkhuni nthawi yachisanu, mpaka nonse awiri mutatsikira kulichete."

"Munda si wanga," anatero achimwene. "Eni ake ndi awa."

Hawisa anali kusenda nyemba pakhomo. Sanadzutse mutu.

"Mmene mwaoneramo," anatero.

Kwathu munthu akamapereka munda ankangotapa dothi n'kumupatsa mnzake m'manja mboni zikuona. Lambert anakana zimenezo. Anati munda wa mkazi umavuta, mawa kudzatulukira msuweni wina n'kumati mayiyo anachita kukakamizidwa. Iye ankafuna zilembedwe kubwalo la mfumu, ndipo bwalo la mfumu silinkalemba kanthu popanda mlandu.

"Ndiye mutisumira?" anafunsa achimwene. "Talakwanji?"

"Palibe. Ndi mmene zimayendera. Ine ndikanena kuti munandilonjeza munda n'kundimana. Inu mukavomera. Iwo akalemba kuti takhululukirana."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Mlandu wanga woyamba chibadwire, ndipo wondisumira ndi yemwe akandinyamule pangolo yake!"

Tinapita kumzinda wa Norwich Pasaka itangodutsa, titamva kuti woweruza wa mfumu wafika kumeneko. Ine ndinapita nawo kuti ndizithandiza kukweza ndi kutsitsa achimwene. M'nyumba ya milanduyo munadzaza anthu, mukununkha zovala zonyowa. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mlembi anawerenga za ife m'Chilatini, mothamanga, ndipo ine ndinangotolapo mayina atatu ndi dzina la mudzi wathu, lomwe analitchula molakwika. Achimwene anavomera mlandu wa chinthu chimene sanachite. Lambert anawakhululukira.

Kenako woweruza anati mkaziyo alowe yekha m'kachipinda kam'mbali, monga lamulo limanenera. Ine anandilola kuima pakhomo. Woweruzayo anali nkhalamba yachimfine, yovala kachipewa koyera komanga kukhosi.

"Mayi, amuna anu sali muno," anatero. "Munda uwu mukuupereka mwa kufuna kwanu? Sanakumenyeni? Sanakuopsezeni?"

"Ndi kuimirira komwe sangathe, ambuye."

"Sindinafunse zimenezo. Mukakana muno, nkhani yathera pompano. Palibe angakulandeni."

Ndinkadziwa kuti m'dambo lija ndi mmene Hawisa ankadyetsa atsekwe ali mwana, ndipo ndinaganiza kuti lero lokha anenapo kanthu. Iye ankangoyang'ana khoma.

"Ndikakana, alime ndani?" anafunsa.

"Limenelo si funso la bwalo lino."

"Basi lembani kuti eya."

Woweruza anamina, n'kukodola mlembi. Zonse sizinatenge nthawi yoti munthu n'kukama ng'ombe.

Titatuluka ndinamugwira mkono. "Alamu, mukumva bwanji mumtimamu?"

"Nsapato ikundiluma," anatero.

Kalata yake inabwera titakolola kale. Lambert anatifotokozera kuti mawuwo analembedwa katatu pa chikopa chimodzi cha nkhosa, kenako mlembi anachidula patatu mokhotakhota ngati mano a sowo. Chidutswa chimodzi chinali cha Lambert, china chathu, ndipo chakumunsi chinatsala mosungira chuma cha mfumu ku London. Hawisa sankadziwa kuwerenga. Anachitembenuza, anachinunkhiza.

"Kankhosa kake kanali kakang'ono," anatero, n'kuchiponya m'bokosi la zovala.

Anasamukira kuchipinda chija chisanu chisanayambe. Lambert anazinga mundawo ndi mpanda waminga n'kulowetsamo nkhosa mazana awiri. Mizere inafafanizika pang'onopang'ono. Achimwene anamwalira chisanu chachiwiri. Hawisa anawasambitsa, anawakulunga, ndipo tsiku lotsatira anayamba kupota ubweya wa a Tuke, poti manja ake sankatha kukhala chabe. Pazenera pake pankaoneka mundawo wonse. Ndinamufunsa ngati angakonde titsekepo ndi thabwa. Anati nanga apota bwanji mumdima.

Lambert anasunga mawu ake mpaka imfa. Amene anasintha zinthu ndi mwana wake Warin, munthu wa ndevu zosamalidwa bwino. Chaka chimene analowa m'malo mwa bambo ake, nkhuni sizinabwere. Kenako mowa unaleka. Nditapita kukafunsa, anandiyankha ataima pakhomo la khola.

"Amene analonjeza ali kumanda, mayi. Gogoyo wadya buledi wathu zaka khumi ndi ziwiri. Afuna adye mpaka liti?"

"Mpaka tsiku lake, mwana iwe, ndevu ngati mbuzi!"

Ndinathamangira kwa Hawisa. Ndinamupeza atafunda bulangeti, akupota ndi zala zotupa. Za nkhunizo sanadandaulepo kwa munthu. Ndinafukula m'bokosi n'kutenga chikopa chija kupita nacho kwa abambo a kutchalitchi. Iwo anaitanitsa Warin kuti abwere ndi chidutswa cha bambo ake. Abambowo anaika zidutswa ziwirizo pagome n'kuzikankhira pamodzi, ndipo mano ake analumana bwinobwino. Anawerenga mokweza: chipinda, buledi, mowa, nkhuni, masiku onse a moyo wa Hawisa.

"Chachitatu chili kwa mfumu," anatero abambo. "Tikachitenge, a Warin? Kapena izi zakwana?"

Warin anati zakwana.

Ndinabwerera ndikuimba nyimbo njira yonse. "Alamu, tawina! Mukanaona nkhope yake!"

"Oo," anatero. "Ndiye nkhuni zibwera liti?"

Zinabwera Lachiwiri. Hawisa anakhalanso zaka zina zisanu. Sanakangane ndi munthu, sanapemphe kanthu, ndipo Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko. Anamwalira nyengo ya Lenti, masana, atatsamira khoma, ulusi uli m'manja. Wantchito wobweretsa buledi ndiye anamupeza, ndipo poyamba anayesa akuwodzera.

Pamaliro tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Abambo a kutchalitchi aja anali atasamutsidwa, ndipo atsopanowo sankamudziwa. Tili kumanda anandinong'oneza kuti ndiwauze dzina la bambo ake a malemu, alitchule m'pemphero pamodzi ndi lake. Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndinayang'ana enawo, koma onse anali obwera m'mudzimo mliri utatha. Dzinalo silinabwere. Abambo anadikira pang'ono, kenako anapemphera popanda dzinalo, ndipo tinakwirira msangamsanga chifukwa mvula inali itayamba.