Kamela Inagula Diso Limodzi

Lisiti ya kamela ija ndikali nayo. Ili mu fayilo yobiliwila pamodzi ndi kabuku ka malangizo, pepala la galanti, ndi kaboni wa kalata imene ndinalembela eni sitolo ku Lusaka. Ndinagwila ntchito ya ukalaliki ku Petauke mpaka imvi zinamela, ndipo sindinatayepo pepala ngakhale la msonkho wa njinga. Kamela yokhayo ndiyo palibe.

Nditapuma pa ntchito, anzanga anagula ng'ombe, ena malata. Ine ndinatenga gawo lalikulu la penshoni nʼkugula kamela yeniyeni, ya magalasi awili osinthanitsa. Limodzi linali lalifupi, lojambulila mʼnyumba. Lina linali lalitali ngati mkono wa mwana, lokoka nkhope ya mkwatibwi munthu uli kumbuyo kwa tchalichi, ndipo mtengo wake unaposa wa kamela yomwe. Panalinso fulashi ndi sitandi ya miyendo itatu. Akazi anga anakhala masiku awili osandilankhula. Koma kamelayo inatidyetsa. Maukwati, ubatizo, ana omaliza sukulu, kuvundukula miyala ya pamanda, konseko ankanditumila uthenga. Ndinali ndi lamulo langa: sindinkalola makina kundisankhila pomwe chithunzi chiyenela kuonekela bwino. Ndinkapotoza galasi ndi dzanja langa, diso langa nʼkuweluza. Achinyamata odalila batani ndinkawaseka.

Vuto linayambila pa ukwati wina ku Kalindawalo. Nditaika diso pa kamela ndinaona ngati wina wasonkha moto wa zinyalala pakati pa ine ndi akwati. Ndinapukuta galasi katatu. Utsi sunachoke. Ndinajambula choncho, ndipo patapita sabata amake a mkwatibwi anabwela kunyumba ndi envulopu yonse.

“Bambo, uyu ni mwana wanga kapena ni mzimu wake? Onani, nkhope palibe, diresi chabe.”

Ndinawabwezela ndalama zawo, ndipo ndinawasainitsa. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata ya masamba atatu kwa eni sitolo, yowauza kuti anandigulitsa magalasi achinyengo. Mawu amene ndinawatchula nawo sindingawabweleze pano. Anayankha mwaulemu kuti ndibwele nayo kamelayo aione. Ulemu wawowo unandikwiyitsa kwambili.

Mwana wa mlongo wanga, munthu wamkulu wa ana atatu amene amakonza mafoni pa msika, anabwela kudzationa mʼmasiku omwewo. Anatenga kamela, nʼkuloza pa mtengo wa mango wa kwa aneba.

“Amalume, galasi ili bwino iyi. Niona na nyelele zokwela pa mtengo.”

“Iwe udziwa chani za kamela? Bweletsa kuno.”

Akazi anga, amene anali kusenda nshawa pakhomo, anayankha osakweza mutu. “Mailo munathila tiyi pambali pa kapu, munati thebulo yapendeka. Manje lelo ni galasi. Muzalembela ndani kalata ya thebulo?”

Ku chipatala anandipeza ndi shuga, ndi ngʼala mʼmaso onse awili. Adokotala anati chifukwa cha shugayo ndikaonedwe ndi akatswili a maso ku Lusaka, ndipo ndisachedwe. Ndinafunsa mtengo wake, ndinauwonjezela wa basi, wa malo ogona anthu awili ndi wa mankhwala, nʼkupinda pepalalo kuika mu fayilo. Ndinaganiza kuti shuga ikatsika maso adzayela okha.

Mwana wa mlongo wanga uja anabwelanso. Anati ndimubweleke kamela azijambulila maukwati kumapeto kwa sabata, pa Chiwelu, zimene wapeza tizigawana, mpaka zitakwana zopitila ku Lusaka. Tsopano ndikuona kuti sanalankhule zoipa. Koma kwathu kuno mwana wa mlongo amayangʼana katundu wa amalume ake ngati wake amene akungochedwa kufika. Ndinaonapo malilo angapo pamene njinga ndi wailesi zinatuluka mʼnyumba mtembo usanatuluke. Ndiye mʼmawu akewo ine ndinamva munthu akuyeza bokosi langa ndikali kupuma.

“Sindinafe,” ndinatelo. “Ukamva kuti amalume apita, ubwele na wilibala. Lelo ayi.”

Anaseka pangʼono, nʼkunena kuti, “Chabwino amalume, sungani,” ndipo sanaitchulenso nkhaniyo.

Ndinasungadi. Galasi lililonse ndinalikulunga mu chitenje chatsopano, nʼkuliika mu pulasitiki, nʼkumanga ndi mphila kuti fumbi lisalowe. Zonse ndinaziika mu bokosi lachitsulo pansi pa bedi, kukhoma lakumʼmawa limene limanyowa nthawi ya mvula. Ndinakhoma loko, kiyi nʼkuimanga mʼkhosi. Dzinja linadutsa, linanso linadutsa. Nthawi zina ndinkakoka bokosilo nʼkugwila loko kuti nditsimikize kuti palibe wakhudza. Sindinalitsegule, pakuti kugwila kamela imene sindingaonele kunkandiwawa mtima.

Maso sanayele. Mankhwala a shuga ankadya kapenshoni kotsala, chimanga chinapsa ndi dzuwa chaka chimodzi, nshawa za akazi anga zinathela ku panadolo ndi sopo. Nkhope za anthu zinasanduka mithunzi, ndipo ndinapilila. Chimene sindinathe kupilila ndi tsiku limene ndinatsegula fayilo yanga nʼkulephela kuwelenga lisiti imodzi. Ndinaibweletsa pafupi ndi mphuno, ndinapita nayo padzuwa, osaona chilembo. Mapepala a moyo wanga wonse anali mʼmanja mwanga ngati masamba a nthochi. Ndinaitanitsa mwana wa mlongo wanga, nʼkumuuza kuti andipezele wogula.

Anampeza ku Nyimba, munthu wa situdiyo kuseli kwa azimayi ogulitsa nthochi pa msewu waukulu. Tinakwela basi mʼmawa, iye atandigwila pa chigongono ngati mkwatibwi, bokosi lili pa miyendo panga. Titafika ndinayala mapepala onse pa kauntala: lisiti, galanti, kabuku, ngakhale katoni imene kamela inabwelamo. Ndinali nditakonza mtengo wokwana maso onse awili, ndipo ndinali ndi umboni wake.

Munthuyo mapepalawo anangowakankhila pambali ndi chikhatho. Ndinamva akumasula mphila ndi pulasitiki. Kenako anayatsa tochi ya foni nʼkuunika mkati mwa galasi lalitali. Analiza mluzu.

“A mudala, munasunga kuti ivi vinthu?”

Ndinamufotokozela za chitenje, pulasitiki ndi loko, monyadila ndithu.

“Ndiye mwaipha na chikondi. Muli chuku mukati umu, chamela monga ulusi wa kangaude. Chadya na galasi yomwe. Ivi vifuna mphepo na dzuwa. Sembe munali kuisewenzetsa chabe, olo kupatsa munthu azikopa nayo vithunzi, sembe ili bwino.”

Mwana wa mlongo wanga akanalankhula bwenzi nditapeza pomukalipila.

“Ndione,” ndinatelo.

Anandipatsa galasi ndi tochi. Ndinaika diso. Ndinaona chimene ndinkaona paliponse, utsi woyela. Anthu awili amaso anali kuona kuti katundu wanga wawola, ine wa mapepala onse osatha kutsutsa kapena kuvomela. Mumtima ndinati agwilizana awa, akagawana kuseli ndikakwela basi. Ndinanena mokweza kuti ndinagwila ntchito mʼboma, akuba ndimawadziwa ndi fungo. Wa situdiyo anaseka nʼkundibwezela galasi lalitali mʼmanja.

“Tengani, olo mahala sinifuna. Ingapatsile na vinangu vanga.”

Anagula kamela, galasi lalifupi limene chuku chinali chitangoyamba mʼmbali, fulashi ndi sitandi. Ndinakana kulandila ndalama mpaka atalemba pepala la malonda, makope awili, ndi mboni. Ndinasaina pomwe anandiika chala. Tinabwelela ku Petauke. Ndalamazo zinakwana ulendo wa ku Lusaka ndi diso limodzi.

Ndinasankha lamanja, limene ndinkaika pa kamela. Adokotala atachotsa bandeji ndinaona nkhope ya akazi anga, yokalamba kuposa mmene ndinaisiyila, ndipo iwo anati, “Musaniyangʼane so, na imwe simuli bwino.” Titafika kunyumba, ndisanavule nsapato, ndinatenga galasi lalitali lija nʼkupita nalo pabwalo. Ndinali nditakonzeka kulemba kalata ku Nyimba, ndipo mawu oyamba ndinali nawo kale mʼmutu. Ndinalikweza kudzuwa. Chuku chinalimo, ulusi woyela wotambalala kuchokela mʼmbali mpaka pakati, monga mizu ya udzu pansi pa mwala. Sananame munthu uja.

Ndinakhala pa mpando nʼkutsegula kabuku ka malangizo, kufuna kupeza ngati opanga kamela anachenjezapo, kuti ngati sanatelo kalata ipite kwa iwo. Chenjezo lilipo, chakumapeto. Akuti kamela ndi magalasi zisungidwe pouma, podutsa mphepo, ndipo zizitulutsidwa kawilikawili. Pansi pa mawuwo pali mzele wofiila wowongoka bwino ndi lula. Ndinaulemba ndine, sabata imene ndinagula kamela.

Akazi anga amati nditenthe kaboni wa kalata ya ku sitolo ija, popeza ndi yochititsa manyazi. Sinditentha. Ili pamalo pake, kutsogolo kwa pepala la ku Nyimba. Mwana wa mlongo wanga amajambula maukwati ndi foni, ndipo anthu amamulipila osadandaula, ngakhale mitu ina imadulidwa. Amabwela kudzationa, amabweletsa shuga wa akazi anga ndi sopo, koma za kamela satchula, inenso sinditchula. Ndinayesapo kamodzi kuyamba, koma ndinangomufunsa za ana.

Diso lamanzele likali mu utsi, ndipo adokotala anati likachedwa kwambili sadzalonjeza kanthu. Chogulitsa china mʼnyumba muno mulibe. Galasi lalitali lili pa windo, pomwe dzuwa limafika mʼmawa. Akazi anga amatsamilitsapo chitseko cha windo kuti chisamenyeke ndi mphepo.