Tsiku Limene Ndinabweza Agogo Panjira

Agogo aNangozo akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundifika ndi fungo la chikopa chakale losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho, lomwe linkatuluka m'kodiyoni yawo akamaikoka pakhonde, manja akadali ndi dothi la kumunda wa mbatatesi. Kodiyoniyo anabwera nayo amuna awo kuchokera ku Joni, koma anamwalira asanaidziwe bwino. Agogo anadziphunzitsa okha, n'kuyamba kuimbira nyimbo za pamtondo zopeka okha, apa Chichewa, apo Chipwitikizi. Ku Ntengo-Wambalame kunalibe mkazi amene anachitapo zotere. Abambo ena ankati apenga, komabe ukwati wopanda agogo unkazizira.

"Chinthuchi chimapuma ngati munthu," ankatero. "Ukachikakamiza chimalira zoipa."

Ndili mu setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ku Tsangano, komwe ndinkakhala ndi azakhali, apulofesoli, aphunzitsi athu, anaitana agogo kuti adzaimbe pa fesita, chikondwerero chotsekera chaka kusukulu. Anzanga, ana a antchito a boma, atamva anayamba kundiseka, kumakoka manja uku akutsinzina, amvekere, "Mdzukulu wa amisala uja!" Manyazi anandigwira. M'mawa wa tsikulo ndinakadikira agogo pamene chapa, minibasi ya kwathu, imaima. Anatsika atavala kapulana yatsopano, kodiyoni ataibereka kumsana ngati mwana.

"Agogo, fesita yalephereka. Apulofesoli adwala."

Pamenepo n'kuti ng'oma za fesita zikumveka bwinobwino kuseri kwa mitengo ya bulugama. Anatchera khutu, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wachita bwino kundichingamira, mwanawe. Bwerera, ungachedwe."

Anamasula kansalu, nandithira mtedza wokazinga m'manja, n'kuwoloka msewu kukadikira chapa yobwerera.

Kumaukwati ankaimbabe, koma ine ndikapita kwathu pa feriya, sukulu ikatsekera, kodiyoni inkangokhala m'thumba lake pamwamba pa dengu. Sanandifunsepo chilichonse, inenso sindinapepese. Anamwalira ndili ku Tete kuphunzira unamwino. Palibe amene anajambulapo mawu awo.

Lero ndimagwira ntchito ku Furancungo. Anyamata a kumsika amaimba nyimbo za agogo ndi magitala, eti ndi zamakolo. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinaima.

"Nyimbo imeneyi anapeka ndi agogo anga."

Mmodzi anasiya gitala, nkhope itawala. "Zoona, amayi? Ife timangodziwa ndime yoyamba. Tiimbireniko yotsala."

Onse anandidikira. Ndinatsegula pakamwa, koma ndime yachiwiriyo inenso sindinkaidziwa.