Maburashi a Nilda ndi maso a mkwatibwi

Nilda anabadwira ku Mwanza malire, koma ena amamutchulabe kuti mtsikana wa ku Mozambique. Mayi ake, a Eugénia, anawoloka pa Zobue nthawi ya nkhondo, mtolo umodzi uli pamutu, ndipo sanabwererenso. Mwana wawoyu anaphunzira kudzola akwatibwi pa saluni ina ku Blantyre, n'kubwerako ndi kachikwama kokhala ndi mapauda, malipisitiki ndi maburashi khumi ndi awiri. M'miyezi ya maukwati Loweruka silinkamupeza pakhomo.

Lachiwiri lina m'mawa, akusesa pabwalo, foni inalira. Anali mayi Esime, azakhali a Maureen, mkwatibwi amene Nilda anamudzola Loweruka lapitalo ku Thambani.

"Munam'paka chiyani mwana wathu?" anafunsa mayiwo, moni osapereka. "Maso onse atupa, ali psuu, akungotuluka mafinya. Kuno anthu akunena zambiri. Ndikubwera komweko."

Foni inaduka. Nilda anangoti chilili, tsache lili m'manja. Ankadziwa zimene anthuwo ankanena. Vincent, mkwatiyo, anaphunzira naye ku sekondale, ndipo panali ena amene sanaiwale kuti ankamuperekeza akaweruka. Kuwonjezera apo, kodi si paja amati a kutsidya amadziwa mankhwala?

Analowa m'nyumba n'kukhuthulira maburashi onse pamphasa. Ubweya wake unali utagwirana ndi pauda ndi mafuta. Anayesa kukumbukira tsiku limene anawatsuka komaliza: panali patapita masabata atatu. Kenako anakumbukira Lucia, mayi wogulitsa zitenje pa malire, amene anabwera Lachisanu kuti am'dzole asanapite kokajambulitsa. Maso ake ankalengeza misozi, ndipo iye anati ndi fumbi la mathiraki. Nilda anam'paka m'zikope ndi kaburashi kakang'ono, n'kukabwezera m'chikwama. M'mawa mwake kaburashi komweko kanayenda m'zikope za Maureen.

Anatenthetsa madzi, kuwathira m'beseni, n'kutenga sopo wosambitsira ana. Burashi iliyonse ankainyowetsa, kuipaka sopo, n'kumaizunguza pachikhatho mpaka thovu litasanduka lakhofi. Madzi anada, anataya, anathira ena. Ankayanika maburashiwo chogoneka pa chitenje, pamthunzi wa mtengo wa manachesi. Njinga yamoto ikangolira kumsewu, ankadzutsa mutu kuyang'ana. Bwanji Maureen akapanda kuonanso? Msungwana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, masiku atatu okha m'banja!

A Eugénia anatulukira kuchokera kudimba, n'kumva nkhani yonse ataima. Anayang'ana beseni lija nthawi yaitali.

"Filha, mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "anthuwo akakupeza ukutsuka, sanena kuti ndi ukhondo. Anena kuti ukuchotsa mankhwala."

Zimenezi Nilda sanaziganize n'komwe. M'manja mwake munali mutangotsala kaburashi ka m'zikope kaja, kosatsuka. Anakayang'ana, kenako anakakulunga m'jumbo n'kumanga.

Chakumasana njinga yamoto inaima pakhomo penipeni. Anatsika mayi Esime ndi Vincent. Amayi awiri oyandikana nawo nyumba anasiya kusinja n'kusendera kumpanda.

"Mwaonatu!" anakuwa mayi Esime, akuloza chitenje. "Tam'peza akutsuka! Ukutsukiranji lero, osati dzana?"

Nilda anagwada. "Azakhali, ndalakwa, koma si zimene mukuganizazo. Lachisanu ndinadzola munthu wodwala maso. Burashi sindinatsuke. Ndi iyi, sindinaikhudzitse madzi. Tiyeni nayo kuchipatala, ndikanene ndekha."

Mayi Esime anabwerera m'mbuyo, osafuna kukhudza jumboyo. Vincent, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana pansi, ndiye anailandira.

"Maureen tam'siya pamzere kuchipatala ku Boma," anatero. "Kwerani kabaza, mutipeza."

Kuchipatalako Nilda anam'peza Maureen atakhala pabenchi, nkhope ataphimba ndi mpango, zikhadabo zikadali ndi utoto wa pa ukwati. Pabenchi lomwelo panali anthu ena asanu ndi mmodzi a maso ofiira, mmodzi mwa iwo dalaivala wa thiraki. Dokotala anamvetsera zonse Nilda akufotokoza. Anati matenda a maso ofiirawa afala mwezi umenewo, ndipo amapatsirana kudzera m'manja, m'mipango, ngakhalenso m'burashi yotere. Sakanatha kunena ngati Maureen anawatenga kwa Nilda kapena kwa mmodzi mwa anthu mazana amene anam'gwira chanza pa perekaniperekani. Analemba mankhwala odonthezera, n'kuuza Nilda kuti kaburashiko akataye.

"Adzaona?" anafunsa mayi Esime.

"Tiyembekeze masiku angapo. Akapanda kusintha mubwere naye msanga."

Masiku angapowo Nilda sanadye bwino. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula iye akafika. Mabanja awiri amene anali atam'pangira tsiku anaimba foni kunena kuti apeza munthu wina. M'mawa uliwonse ankathamangira pagalasi kukatsegula zikope zake, kenako n'kuyang'ana foni.

Loweruka uthenga wa mawu unabwera. Anali Maureen mwiniwake: "Achemwali, maso atseguka. Lamanzere likadali lofiira pang'ono, koma ndikuona. Musadandaule."

Nilda anakhala pansi pakhonde n'kulira. Mayi Esime sanam'lankhulenso, ndipo ku Thambani Nilda sanaitanidweko chaka chonsecho.

Ntchito akugwirabe. Akabwera ku ukwati, asanavule ndi nsapato, amatereka madzi a maburashi. Ndipo asanakhudze nkhope ya munthu amayamba wam'tengera pawindo, n'kumuuza kuti ayang'ane kumwamba. Mwezi watha anakana kudzola mlongo wa mkwati wina chifukwa diso lake linkalengeza misozi. Mtsikanayo anam'tukwana pamaso pa anthu, ndipo Nilda anangom'patsa lipisitiki yatsopano kuti adzipake yekha.