Bambo Anga Sankadula Waya wa Mbaula

Bambo anga anakonza mbaula zamagetsi kwa zaka zoposa makumi awiri pakhonde la sitolo ya zitsulo. Tebulo lawo linali la miyendo itatu, wachinayi unali njerwa zosanjikiza. Pamwamba pankakhala pulayazi, kamita kachikasu koyezera magetsi ndi kope loda ndi zala. Anthu ankawatcha a Masamu, chifukwa mbaula sinkachoka m'manja mwawo asanailembere.

Ine sukulu ndinalekera ku pulaimale, koma masamu awowo ndimawadziwa. Maso awo atayamba kuchita chifunga, ndine ndinkawawerengera mita, mwana wanga ali kumbuyo.

"Magetsi a pakhoma ndi mavoloti 240," ankatero akalumikiza mbaula kusoketi ya sitolo. "Mita ikuti bwanji?"

"Maampu 4, bambo."

"Gawa 240 ndi 4."

"60."

"Ndiwo maohomu, makani a wayayo pokaniza magetsi kudutsa. Tsono chulukitsa 240 ndi 4."

Ndinkalemba pansi ndi msomali. "960."

"Mawati amenewo, ndiwo moto wake. Ili bwino, ipite kwawo."

Waya wopotana uja wa m'mbaula, amene amati koyilo, amapsa n'kuduka. Bambo ankachotsa yense n'kuika watsopano wa muyeso wake. Koma kutsidya kwa msewu kunabwera mmisiri wina amene ankangodula popsapo, n'kukoka wotsalayo, n'kupota. Waya akafupika makani ake amachepa, magetsi amalowa ochuluka, mbaula imachita kufiira kuti psuu. Madzi kuwira usanamalize kusesa. Azimayi anakonda zimenezo.

Tsiku lina mayi wogulitsa zovala anafika ndi mbaula m'chitenje.

"Madala, ingopotani ngati mnzanu uja, ndili pa changu."

"Mayi, ndikafupikitsa idzamwa maampu 5 kapena 6. Soketi yanu idzasungunuka, mawaya a m'khoma adzatentha."

"Soketi yanga mwaiona liti? Kodi mbaulayi ikulemba mayeso? Bweretsani kuno!"

Anawoloka msewu akuseka. Ena anamutsatira, mmodzimmodzi, mpaka bambo ankatha tsiku lonse akupukuta pulayazi yoyera kale.

Mwini sitolo sanali munthu woipa, koma anawauza poyera. "Achikulire, khonde langa lazizira ngati tchalitchi Lolemba. Wa kutsidya uja amabwera ndi anthu, anthuwo amagula misomali. Mwezi ukatha zinthu zili chonchi, ndimuika iyeyo pano."

Ndinawachonderera tikubwerera kunyumba. "Bambo, dulani ngati anzanu. Mukachoka apa mupita kuti ndi maso amenewa?"

"Ndiwotche nyumba za anthu, iwe? Amene sadziwa masamu akhoza kudula, mtima wake uli mbee. Ine nambala ndimaiona."

"Nambala simuiona, bambo, ndimakuwerengerani ndine."

Tinangoyenda mpaka pageti. Mawu amenewo ndimawamvabe kuwawa kwake.

Sabata yomaliza ya mweziwo mbaula yanga inaduka koyilo. Kunali kozizira, mwana akutsokomola, ndipo eni nyumba yomwe timakhala salola makala m'chipinda. Ndinafunika madzi ofunda m'mawa ndi madzulo. Ndinapita nayo kwa bambo. Anapapasa m'bokosi mwawo, munalibe koyilo yatsopano ngakhale imodzi. Anali asanagule kwa miyezi iwiri, poti womuikira panalibe.

Mwana anatsokomola kumbuyo kwanga, chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Bambo anamvetsera. Kenako anatenga pulayazi. Waya wanga anali atapsa malo awiri, ndiye anadula chachikulu ndithu. Anakoka, anapota. Ntchito imene anaikana chaka chonse inawatengera mphindi zisanu.

"Werenga."

"Maampu 6."

"Maohomu 40. Mawati 1,440." Anatchula okha osandidikira, ndipo m'kope sanalembe. "Usamachoke ili yoyaka. Uzigwira pulagi ndi kuseri kwa dzanja, ikafunda zimitsa. Mdzukulu wanga asayandikire."

Mumtima ndinati mwina tsopano njira yatseguka. Masana omwewo kunabwera mayi wina ndi mbaula yoduka, ndipo ndinawakodola bambo ndi chigongono. Iwo anaigwira, anaitembenuza, n'kuibweza.

"Pitani nayo kutsidya, mayi."

"Bambo!" ndinatero atachoka. "Yangayi mwadula bwanji?"

"Iwe ndakuuza nambala, ndipo uimvera. Uyo akakafika kwawo aiyatsa n'kupita kukacheza."

Mwezi utatha ine ndi mlongo wanga tinanyamula tebulo lija. Wa kutsidya anali ataima kale pambali ndi chikwama chake, akutipatsa moni mwaulemu. Lero bambo amakhala kuseri kwa nyumba ya mlongo wangayo, akuwothera dzuwa. Palibe amawabweretsera kanthu kokonza. Ndikapita sandifunsa za mwana poyamba, amati, "Pulagi ikufunda?" Ndimati pang'ono. Zoona zake ndi zoti yayamba kuda m'mbali.

Dzulo mnzanga wa chipinda choyandikana anaona madzi anga akuwira msanga.

"Iii, amake mwana, mbaula yaukali chonchi anakukonzerani ndani? Nanenso ndipite."

"Wa kutsidya uja," ndinatero, n'kuzimitsa.