Singano ya a Langton

A Langton anatsuka mabotolo m'sitolo ina ya mankhwala pa Mwanza Boma mpaka imvi mbuu. Matenda awo a singano anawatola komweko. Mwini sitolo anawaonetsa tsiku lina kuti madzi ali ndi kakhungu pamwamba: ukaikapo singano mwaulemu, imayandama. Koma m'madzimo mukakhala sopo, kakhunguko kamafooka, singano n'kumira. Madzi otsukuluzira botolo akamiza singano, botololo sathiramo mankhwala, amalitsukanso.

Basitu, munthu anapenga nazo. Atapuma ntchito, sitolo yonse anaisamutsira kukhitchini kwa akazi awo, a Zefa. Asanamwe tiyi, ankayamba athira madzi m'kapu, n'kuzula singano pakolala ya malaya. Kale inkayandama, iwo n'kugwedeza mutu ngati woweruza milandu. Koma chaka china inayamba kumangomira.

"Mayi a Vania, sopo uyu," ankatero. "Mwayamba ulesi."

A Zefa anapirira, mpaka tsiku limene bambowo anayesa kapu pamaso pa amayi a kumpingo. Mayiwo anamanga katundu, ulendo kwawo ku Zobue, kutsidya kwa malire. "Muzitsukirana ndi singano yanuyo," anatero potuluka.

A Langton anati palibe kanthu, dziko liona katsukidwe kenikeni. Anatsuka kapu, kutsukuluza, kutsukuluzanso mpaka ndowa gwa. Singano, chubwi. Anasintha madzi, chubwi. Atayang'anitsitsa, anaona zala zawo zikunjenjemera ngati za wodwala malungo. Ukalamba unali utafika osaodira. Mantha anawagwira, osati a zalazo ayi, koma akuti mkazi amene amuthamangitsa popanda mlandu sabweranso.

Anakwera kabaza mpaka kumalire, kapu ili m'jumbo. Anakawapeza a Zefa ali pakhonde, akusenda manachesi.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero a Langton. "Si sopo. Ndi manja angawa."

"Mwadziwa lero? Ine ndinamva kalekale supuni ikulira m'kapu ngati belu la kusukulu."

"Nanga osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Manja amenewo mumawanyadira kuposa ine."

A Zefa anatenga kapu ija, anathiramo madzi, n'kugwira dzanja la amuna awo pamkono kuti likhazikike. Singano anaitsitsa limodzi, pang'onopang'ono. Inayandama.

"Mwaona? Kapu ilibe mlandu," anatero mayiwo, akumanga chitenje. "Tiyeni kwathu. Nyamulani chikwama changa. Ayi, bweretsani kuno, mungachigwetse. Inu mugwire dzanja langa."