Mabuloko a Amuna Anga

Ndinadzuka kusanache chifukwa mwana ankafuna bere. Azimayi anali atagona pansi m'nyumba monse, atatopa ndi kuimba nyimbo za maliro a amuna anga. Panja azibambo ankasinza pamoto. Koma alamu anga aakulu, amene anabwera kuchokera ku Kitwe, sanali pamoto. Anali kuseri ndi tochi, akuwerenga mabuloko.

Mabulokowo anaumba okha amuna anga, pang'onopang'ono, simenti ikapezeka, pakuti nthawi imeneyo inkasowa ngati shuga. Nyumba yathu ku komboni ya George inali yadothi, ndipo mvula ikagwa khoma linkanyowa mpaka m'kati. Ankati mwana adzakulira m'nyumba yabwino.

Kutacha, amayi a kutchalitchi anasonkha moto n'kuyamba kudula kabichi. Kunali mphepo ya Ogasiti, fumbi likulowa m'maso ndi m'miphika. Anthu anabwera ambiri, ochokera ku Matero, ku Chawama, ndi anzawo akuntchito a amuna anga. Abale a amuna anga sanandipatse moni. Ndinamva mlongo wawo akuuza anthu kuti ine ndikudziwa chimene chinapha m'bale wawo. Ndinangowerama.

Tinapita kumanda pa lole, ine nditakhala pafupi ndi bokosi, mwana kumsana. Pamene ankakwirira, alamu awiri anaima kumbuyo akunong'onezana, akuwerenga zala.

Titabwerako, anthu asanamalize n'kusamba m'manja komwe, alamu awiri aja anayamba. Anati mabuloko alipo 1,009 ndipo ndi a banja. Anagawa pawiri, linatsala limodzi. Mlongo uja anakalipa kuti nayenso alipo. Anagawa patatu, linatsalanso limodzi. Amalume analowapo, kenako asuweni, mpaka anakwana asanu ndi awiri, akulemba pansi ndi kamtengo. Linatsalabe limodzi. Aliyense ankati mnzake akubera. Dzina langa silinatchulidwe, ngakhale la mwana.

Aphunzitsi a sekondale, oyandikana nafe, anayang'ana zolemba zija n'kunena kuti akudzivutitsa. Anati nambala imeneyo sigawika mofanana ndi nambala iliyonse, kupatula wani ndi iyo yokha, kaya aitane mtundu wonse. Anawonjeza kuti njira n'kupatsa munthu mmodzi onse, ndipo anayang'ana kwa ine.

"Ba ticha, masamu yanu pelekani ku sukulu," anatero alamu aakulu. "Apa ni vinthu va mufana wanga."

Aphunzitsi anatenga chipewa chawo n'kupita.

Lole yomwe inanyamula maliro ndiyo inanyamula mabuloko, maulendo angapo. Anatenganso wailesi, bedi ndi loko wa pakhomo. Pochoka, mlongo uja anakankha lotsala lija ndi phazi.

"Ili ni lanu, mulamu. Mumange nyumba."

Madzulo anthu onse anali atapita. Kuseri kunangotsala malo oyera pamene udzu sunamere. Mphepo inkatsegula chitseko, ndiye ndinakokera bulokolo m'nyumba n'kutsekera nalo. Ndinayala chitenje pansi, ndinagoneka mwana kutali ndi khoma.